Momwe mungatetezere anthu ndi katundu pamalo a lendi osungirako katundu

Pafupi ndi misika ya m'mizinda yathu pali malo omwe munthu amalipira lendi ya kachipinda kapena kontena n'kusungamo mabelo a kaunjika, matumba a chimanga, feteleza kapena katundu wa m'nyumba pamene akusamuka. Eni malo ambiri mtima wawo umakhala pa akuba basi. Komatu ngozi yomwe imapha anthu n'kupsereza malo onse kawirikawiri imalowera pageti masana, ili m'manja mwa kasitomala, n'kukatsekeredwa m'chipinda chomwe inu mulibe kiyi wake. N'chifukwa chake tiyambira pamenepo.

1. Dziwani munthu, dziwaninso zomwe wasunga

Aliyense wofuna chipinda aonetse chiphaso cha unzika. Lembani m'kaundula dzina lake, nambala ya chiphasocho, foni yake ndi foni ya wachibale mmodzi. Kenako asayine mgwirizano wotchula zinthu zoletsedwa, womwe ukukupatsaninso mphamvu yoyendera chipindacho iye alipo kamodzi pamwezi, komanso yodula loko pakabuka ngozi. Pa tsiku lolowetsa katundu, wantchito wanu aime pakhomo n'kumaona chomwe chikulowa.

Zoletsedwa zikhale izi: petulo, dizilo ndi palafini wa m'zigubu, masilinda a gasi, makala omwe angophulidwa kumene, mabatire owonongeka kapena otupa, ndi mankhwala ofukiza mbewu. Mafuta akayamba kusowa m'dziko, khalani maso koposa, chifukwa ndi nthawi yomwe anthu amabisa zigubu kuseri kwa mabelo. Kontena yomwe yakhala padzuwa la mu Okutobala imatentha ngati uvuni, petulo amatulutsa mpweya wodzadza m'katimo, ndipo kamoto ka machesi kokha n'kokwanira kuuyatsa.

Za mankhwala ofukiza tinenepo zambiri. Mapiritsi a aluminium phosphide, omwe ena amagula mwamseri kuti aphere anankafumbwe, akakhudzana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Mpweyawu sulemekeza khoma: umadutsa m'ming'alu ndi pansi pa malata n'kulowa m'chipinda choyandikana kapena m'kanyumba ka mlonda. Munthu amayamba kumva mutu, nseru ndi kubanika, ndipo akhoza kufa. Mukamva fungo longa la adyo kapena nsomba yowola, tulutsani anthu onse msanga, musalowemo kuti mukaone. Kufukiza ndi ntchito ya okhawo omwe ali ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board. Wosunga chimanga mulangizeni matumba a PICS, omwe amapha tizilombo pongotimana mpweya.

Feteleza mukhoza kulola, koma akhale m'chipinda chakechake chouma, kutali ndi mafuta, utuchi ndi nsalu, makamaka wa CAN yemwe ali ndi ammonium nitrate. Mankhwala a ammonium nitrate amenewa, matani pafupifupi 2,750 omwe adasungidwa mosasamala, ndiwo adaphulika padoko la Beirut ku Lebanon pa 4 Ogasiti 2020 n'kupha anthu oposa 200.

2. Tsekani njira za moto

Mawaya onse aikidwe ndi katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, ndipo adutse m'mapaipi kuti makoswe asawatafune. M'zipinda za makasitomala musaikemo masoketi. Pakakhala soketi, wina adzasiya batire ikutchaja usiku wonse pamwamba pa belo la zovala. Mababu akhale a LED, okhala ndi chotchingira, ndipo katundu atalikirane nawo ndi theka la mita.

Gulani zozimitsira moto za ufa zolemera makilogalamu 9, zolembedwa ABC. Zipachikeni pakhoma, chogwirira chili cha m'chiuno, pafupi ndi khomo lililonse, mwakuti munthu asayende mamita oposa 25 asanachipeze. Pafupi ndi bokosi la magetsi pakhale chozimitsira cha mpweya wa CO2. Mwezi uliwonse yang'anani kamuvi ka geji: kakachoka pobiriwira, chozimitsiracho n'chakufa ngakhale chikuoneka chatsopano. Kamodzi pachaka chikaonedwe ndi akatswiri. Onjezani ndowa za mchenga wouma ndi mabelu ochenjeza za utsi oyendera mabatire.

Wantchito aliyense ayeserere kugwiritsa ntchito chozimitsira: kuzula kapini, kuima mamita awiri kuchokera pamoto, kuloza patsinde pa moto osati pamalawi, kufinya chogwirira n'kumayendetsa uku ndi uku, khomo lili kumbuyo kwake. Ufawo umatha ngakhale theka la mphindi lisanakwane. Moto ukapitirira pamenepo, athawe. Nambala ya ozimitsa moto a khonsolo ndi ya polisi yapafupi zilembedwe ndi penti pageti, ndipo msewu wolowera usatsekedwe ndi magalimoto kapena milu ya katundu.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo ndi zitseko. Mlonda asalowe ndi mbaula m'kanyumba kake m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo. Mugulireni jekete ndi bulangeti.

3. Maloko, mpanda ndi kuwala

Loko wa chigwiriro chachitali amadulidwa ndi chodulira zitsulo m'kanthawi kochepa. Uzani makasitomala agule maloko ozungulira aja a chigwiriro chachifupi chobisika. Pamakontena, wowotcherera aike kabokosi kachitsulo kophimba loko. Onaninso mahinji: ngati mabawuti ake ali kunja, wakuba sangavutike ndi loko, angomasula chitseko chonse.

Geti lolowera likhale limodzi, ndipo aliyense wolowa alembe dzina, nthawi ndi nambala ya chipinda. Wotumidwa kudzatenga katundu asapatsidwe mwayi mpaka mutaimbira mwini wake pafoni yomwe ili m'kaundula, osati yomwe wotumidwayo wakupatsani. Nyali zoyendera dzuwa ziunike ngodya zonse za mpanda. Makamera apachikeni mamita atatu m'mwamba, imodzi iloze nkhope za olowa pageti, asunge zithunzi za masiku 30, ndipo akhale ndi batire yakeyake, poti akuba amadikira magetsi a ESCOM azime.

Usiku alonda akhale awiri, aliyense ndi tochi, wezulo ndi foni ya mayunitsi. Auzeni momveka kuti akaona gulu la zida asalimbane nalo. Ntchito yawo ndi kubisala n'kuitana thandizo.

4. Madzi ndi tizilombo

Dzinja lisanayambe, cha mu Okutobala, kwerani padenga kukaona malata ndipo chotsani zinyalala m'ngalande. Omwe adaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre akudziwa kuti katundu wogona pasimenti ndiye amayamba kuwonongeka. Chilichonse chikhale pamatabwa okwera masentimita 10 mpaka 15, ndipo pakati pa katundu ndi khoma pakhale mpata wa theka la mita. Kontena ikhazikeni pamiyala kapena pazipilala za simenti. Usiku denga lake limachita thukuta n'kumadonthezera katundu mpaka kuchita nkhungu, choncho tiziboo topitira mpweya tisatsekedwe. Makoswe atchereni misampha. Poizoni womwazamwaza amakathera m'zakudya za anthu, ndipo khoswe wofera m'belo amanunkhitsa katundu yense. Udzu wozungulira mpanda uzitchetchedwa, kuopa njoka ndi moto wolusa.

5. Matupi a antchito ndi makasitomala

Thumba la makilogalamu 50 anyamule anthu awiri kapena likwere wilibala. Posanja matumba, mzere uliwonse upingase wapansi pake monga amamangira njerwa, ndipo m'kachipinda kakang'ono musapitirire mizere 10. Mulu wosanjidwa molunjika umapendama pang'onopang'ono n'kugwera yemwe watsegula chitseko. Antchito akhale ndi magolovesi, nsapato zolimba ndi zotchinga pamphuno akamagwira fumbi la chimanga kapena feteleza. Bokosi la chithandizo choyamba likhale muofesi, losakhoma. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka kwa olemba ntchito udindo wa chipukuta misozi wantchito akavulala pantchito, ndiye funsani za inshuwalansi yake, ndipo muwauze makasitomala poyera ngati katundu wawo ali pa inshuwalansi kapena ayi.

Musalole munthu kugona m'chipinda chosungira katundu, ngakhale akudandaula kuti basi yamusiya. Ana asamasewere m'makonde. Kontena ikatsekedwa ndi zitsulo zake zakunja sitsegulika kuchokera m'kati, choncho madzulo aliwonse, geti lisanakhomedwe, mlonda ayende khomo ndi khomo, agogode, aitane, kenako aone m'kaundula ngati aliyense yemwe analowa wasayina kuti watuluka.