Musathamangire integrating factor, konzani kaye equation

Anzanga amene mukulimbana ndi ma differential equation, kanzeru aka kamapulumutsa nthawi pa mayeso. Musanayambe kusaka integrating factor (chomwe timachulukitsa nacho equation yonse kuti isavute kuchita integrate) onetsetsani kuti dy/dx yaima payokha, kutsogolo kwake kulibe kanthu. Tinene x dy/dx + 2y = x², gawani kaye zonse ndi x, ndiye P yanu (chomwe chikuchulukitsa y) ndi 2/x osati 2, apa mpomwe ambiri amagwera. Factor ndi e^(∫P dx), ndiye apa ikhala e^(2 ln x), yomwe ndi x² basi. Kenako osavutikanso kuchulukitsa chilichonse pachokha, ingolembani x²y = ∫x³ dx, chifukwa mbali yakumanzereyo ndi product rule yongobwerera m'mbuyo. Mupeza y = x²/4 + C/x². Koma C uja (constant ya integration) muikeni musanagawe ndi x², mukadzamuphatikiza kumapeto ansa yonse yalakwika, malikisi apita.