Mukufuna kumumva Wes Montgomery? Yambirani apa

Poyamba ikani piki (kapulasitiki kokhwatchira nsambo) pambali. Wes, katswiri wa gitala ya jazz wa ku America, ankakhwatcha nsambo ndi chala chachikulu basi, akuti amaphunzira usiku ataweruka ndiye sankafuna kusokosera a m'nyumba ndi maneba. Nchifukwa chake gitala yake imamveka yonenepa, yofewa, yopanda kuthwa kuja kwa piki. Mukangogwira zimenezo, zimbale zake zimalowa bwino.

Munthuyu anabadwira ku Indianapolis mu 1923, gitala ya nsambo 6 anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu, kumvera malekodi a woyimba gitala Charlie Christian nkumaloweza masolo ake noti ndi noti. Anayenda ndi bandi ya Lionel Hampton kuyambira 1948 mpaka 1950, kenako anabwerera kwawo, masana kuwotcherera zitsulo usiku kuyimba m'makalabu, poti ana 7 sadya jazz eti. Mu 1959 woyimba sakisi Cannonball Adderley anamumva ku kalabu ya Missile Room nkukauza Orrin Keepnews wa kampani yojambula nyimbo ya Riverside kuti bwana uyu musamuphonye.

Ndiye chimbale choyamba kumvera ndi The Incredible Jazz Guitar cha 1960, pa piyano pali Tommy Flanagan. Tsegulani West Coast Blues, musamvere ngati nyimbo yotsukira mbale ayi, khalani pansi mutsatire solo. Imayenda masitepe atatu: amayamba ndi noti imodzi imodzi, kenako ma octave (noti yomweyo kuimenya pa nsambo ziwiri nthawi imodzi, yapansi ndi yapamwamba), pomaliza makodi athunthu akuthamanga ngati palibe chovuta. Mukazindikira pomwe wasinthira giya, bwezerani pomwepo mumvenso. Four on Six nayonso chimodzimodzi.

Ngati gitala muli nayo, ma octave yesani chonchi. Chala cholozera pa nsambo ya 5, tinene fret ya 5, china pa nsambo ya 3 fret ya 7. Nsambo ya pakatiyo, ya 4, muigonetse ndi mimba ya chala cholozeracho kuti isalire, apa ndi pomwe ambiri zimawakanika, imangolira yokha nkuwononga zonse. Kenako sesani zitatu zonse ndi chala chachikulu kupita pansi, mnofu osati chikhadabo. Mukafika pa nsambo 4 ndi 2, kapena 3 ndi 1, mpata umakhala ma fret atatu osati awiri. Dzanja lonse liziyenda ngati chinthu chimodzi, pang'onopang'ono kaye, liwiro lidzabwera lokha.

Zikatero pitani ku zimbale zojambulidwa akuyimbira anthu m'makalabu. Full House ya 1962 anaijambulira ku Tsubo ku Berkeley, Johnny Griffin ali pa sakisi, ndiye Smokin' at the Half Note ya 1965 ndi Wynton Kelly pa piyano, Paul Chambers pa bezi komanso Jimmy Cobb pa ng'oma. Kwa ine iyi ndiye nambala wani, No Blues amaikoka mphindi zoposa 12 koma simutopa.

Zimbale zomaliza, za makampani a Verve ndi A&M zomwe ankapanga ndi pulodyusa Creed Taylor, monga A Day in the Life ya 1967, muzisiye kumapeto. Muli mavayolini ambiri, masolo afupiafupi, akatswiri ena amadandaula kuti anagulitsa luso. Ine sindimuda nazo, ndi zimene zinamupezetsa ndalama, komanso Goin' Out of My Head inamupatsa Grammy. Kungoti sanadyerere nthawi yaitali, mtima unamutenga pa 15 June 1968 ali ndi zaka 45 zokha.