Kusandutsa HiAce kukhala galimoto yogonamo: kagulidwe ndi kakonzedwe kake

Galimoto zokhala ndi bedi ndi pophikira mkati, zimene alendo amafika nazo ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, si zonse zinachoka kufakitale zili choncho. Zambiri ndi galimoto wamba zonyamula katundu zimene eni ake anazikonza ndi amisiri. Kwathu kuno yoyambira bwino ndi Toyota HiAce, imene ku South Africa amaitcha Quantum, chifukwa makaniko aliyense, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, amaidziwa, ndipo zipangizo zake sizisowa.

Ndalama zanu zoyamba zipite pa galimoto yeniyeniyo, bedi lidzabwera pambuyo. Pewani HiAce imene inayendapo ngati minibasi: yasenza mopyola muyezo kwa zaka, ndipo masipuling'i, mabuleki ndi giyabokosi zimakhala zitatopa ngakhale penti ikuwala. Yongofika kumene kuchokera ku Japan ndiyabwinoko, koma gonani pansi ndi tochi muone dzimbiri, pakuti kumadera a chipale chofewa amathira mchere m'misewu. Gogodani chesisi ndi sikuludiraiva. Pamene pakuyoyoka zitsulo ngati makungwa, isiyeni. Pa injini za dizilo monga 5L, 2KD ndi 1KD, funsani za timing belt, lamba wa mkati mwa injini amene amayendetsa mavalavu. Imasinthidwa pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000 malinga ndi injini, ndipo ikaduka galimoto ili pa liwiro mavalavu amapindika. Ngati palibe umboni woti inasinthidwa, sinthani musanachite china chilichonse.

Za msinkhu: HiAce ya mtundu wa H200, umene unayamba mu 2004, kumbuyo kwake n'kotalika pafupifupi mamita 3, mulifupi mita imodzi ndi theka. Munthu wamkulu sangagone mopingasa, choncho bedi la masentimita 190 liyenera kutsata utali wa galimoto. Ya denga lalifupi mkati mwake ndi masentimita 132 okha, ya denga lalitali pafupifupi 159. Ngati mungathe, tengani ya denga lalitali, kuti muzikhala tsonga pabedi mutu osagunda. Ya 4WD imathandiza pamatope ndi pamchenga wa kunyanja, koma si Land Cruiser: mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo msewu wa ku Nyika nthawi ya dzinja ukhoza kuigonjetsa.

Tsopano nkhani imene ambiri amagwa nayo, kulemera. Pa chitsulo cholembedwa chimene chili pafupi ndi chitseko kapena m'mapepala a galimoto pali kulemera konse kumene ikuloledwa kufika. Pitani nayo pa sikelo ili yopanda kanthu, thanki itadzaza, ndipo kulemera kumene mwapezako mukuchotsere pa kulemera kololedwa kuja. Chotsalacho ndicho chuma chanu chonse, ndipo chimatha msanga. Anthu awiri ndi makilogalamu 150. Madzi malita 60 ndi makilogalamu 60. Plywood imodzi ya mamilimita 18 imalemera pafupifupi 30, batire la AGM (mtundu wa batire la mtovu lomatidwa) la 100Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga) chimodzimodzi. Kalipentala wozolowera makabati a m'nyumba adzafuna kugwiritsa ntchito mlombwa kapena chipboard, mukanizeni. Mlombwa ndi wolemera, chipboard imafufuma ikanyowa ndipo masikuluwu amazuka pamabampu. Plywood ya mamilimita 12 ikwanira pansi ndi pamakabati, ya 15 kapena 18 pa bedi pokha. Zolemera zonse, madzi, batire ndi zitsulo zokonzera galimoto, zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Mukaunjika katundu padenga, galimoto imapendama pamakona, ndipo potsika chitunda ngati cha Chiweta mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Matayala akhale a katundu, olembedwa C kapena LT, monga 195/80 R15, osati a galimoto yaing'ono.

Musanadule thabwa ngakhale limodzi, ponyani matiresi pansi, tengani zigubu ndi mapoto, mukagone masiku awiri ku Senga Bay. Mudzabwerako mukudziwa kumene nsapato zimakhala, chitseko chimene mumatulukira usiku, ndi zinthu zimene simunazigwire n'komwe.

Pomanga, chilichonse chimangidwe ndi mabawuti a M8 olowa m'chitsulo cha galimoto, okhala ndi mawashala aakulu kunsi. Kabati yongokhomera pa plywood imasanduka mwala wouluka pa ngozi. Musanaboole, yang'anani kunsi pamene padutsa thanki, mapaipi a mabuleki ndi mawaya, ndipo bowo lililonse mulipake penti kuti dzimbiri lisayambirepo. Kumbukiraninso kuti injini ya HiAce ya H200 ili pansi pa mipando yakutsogolo. Siyani malo oti mpando uzitha kutukuka.

Magetsi asatengedwe ku batire loyatsira injini, mungadzuke m'mawa galimoto ikukana kulira. Ikani batire lachiwiri, ndipo werengani kaye zimene lidzadyetse. Firiji ya 12V ya kompuresa, ya malita 40 mpaka 50, imadya pafupifupi 40Ah patsiku kukatentha. Onjezani 15Ah ya mababu a LED, fani ndi mafoni. Batire la AGM la 100Ah limapereka theka lokha, mukalitsitsa kupitirira apo limafa msanga, kotero silikwana ngakhale tsiku limodzi. La lithium la 100Ah limapereka pafupifupi 85Ah ndipo limapepuka kuposa theka la linzakelo. N'lodula, koma ndilo tingalangize. Lidzazeni poyenda ndi DC-DC charger ya 25A kapena 30A, kachipangizo kotenga magetsi ku batire lakutsogolo injini ikulira, ndipo mukaima lidzazeni ndi sola ya mawati 200 yodzera pa MPPT, kachipangizo kowongolera magetsi a sola. Dzuwa likawala bwino sola yoteroyo imabweza 50Ah kapena kuposa. Waya wochoka ku batire lakutsogolo akhale wonenepa, wa 16mm², ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire lililonse, osapitirira masentimita 20. Moto wambiri m'galimoto zoterezi umayamba pamene waya wopanda fyuzi wakhuzika pa chitsulo mpaka kusupuka, choncho pobowola paliponse podutsa waya ikanipo mphira.

Kutentha kwa Okutobala ku Mangochi kapena ku Liwonde kumasandutsa galimoto yotseka kukhala uvuni. Fani ya padenga yotulutsa mpweya, pamodzi ndi zenera lotsegula pang'ono m'munsi, imathandiza kuposa china chilichonse. Matani zotchinga kutentha kudenga ndi m'mbali, koma osati thonje kapena siponji yomwa madzi, chifukwa mpweya wa anthu ogona umasanduka mame pachitsulo, dzimbiri n'kuyambira mkati. Zenera lililonse lotsegula likhale ndi neti ya udzudzu yosokedwa bwino. Malungo sasankha kuti mwagona m'galimoto. Ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana, ndiye tengani mabulangete okwanira. Mbaula musailowetse mkati ngakhale makala atayaka bwino chotani. Mpweya wake sununkha, umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Kachipangizo kolira pakakhala mpweya wa carbon monoxide n'kofunika kukhala nako pafupi ndi bedi.

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsikira pansi n'kukhazikika. Silinda ya makilogalamu 3 kapena 5 imangidwe choimirira m'bokosi lakelake lokhala ndi bowo lotulukira kunsi kwa galimoto. Pakani thovu la sopo polumikizira. Pakatuluka timabaluni, pakudontha. Tsekani pa silinda nthawi zonse poyenda ndi pogona. Kuphikira panja, pa tebulo lotuluka kuchitseko chakumbuyo, n'kwabwino koposa: fungo la usipa wokazinga likalowa m'matiresi silituluka.

Madzi sungani m'zigubu zitatu za malita 20 m'malo mwa thanki imodzi yomangirira. Mumatha kuzinyamula kupita kumjigo, ndipo chimodzi chikabooka zina zimatsala. Pomaliza ntchito, bwererani pa sikelo katundu yense ali momwemo, kenako kadziwitseni a Road Traffic ndi a inshuwalansi kuti mipando yachotsedwa ndipo mkati mwasintha, kuti mapepala ndi COF zigwirizane ndi galimoto. Wopita ku South Luangwa kudzera pa Mchinji asaiwale Yellow Card ya COMESA (inshuwalansi ya galimoto yodutsira malire), matirayango awiri ndi chozimitsira moto chomangidwa pafupi ndi chitseko.