Musanaitulutse app yanu ya zochitika, kaiyeseni kaye pa Kamuzu Road ku Salima

Mwapanga app yoti munthu aziona zomwe zikuchitika pafupi naye, kaya ndi mpira wa madzulo, pulakatisi ya kwaya, mpikisano wa bawo, dansi ya ku Senga Bay Loweruka, olo kagulu kongofuna kukumana nkumacheza. Zabwino. Nde ndikufunseni, mwapatsako munthu wosakudziwani kuti aigwire? Sindikunena alamu anu kapena mnzanu uja munkaphunzira naye coding ayi, amenewo angoti "ili bho aise" poopa kukukhumudwitsani.

Za chiwerengero cha anthu musadandaule. Jakob Nielsen, katswiri wa zoyesa mapulogalamu a kompyuta pa anthu owagwiritsa ntchito, analemba mu 2000 kuti anthu 5 okha amakuululirani pafupifupi 85 peresenti ya mavuto, ndipo bola kuyesa katatu ndi anthu asanuasanu uku mukukonza, kusiyana nkuunjika anthu 15 nthawi imodzi. Koma app yanuyi ili ndi magulu awiri, ofuna kopita ndi olengeza zochitika, nde tengani atatu kapena anayi mbali iliyonse. Ofuna kopita akhale ngati wakabaza wa pa depoti, mtsikana wa ku koleji, ndi mlendo wa ku Lilongwe wobwera kunyanja pa wikendi. Olengezawo pezani kochi wa timu ya m'mudzi, mlembi wa banki m'khonde, tcheya wa kwaya.

Foni ikhale yawo, osati yanu. Yanuyo ndi yothamanga, yawo ndi ka Itel kapena Tecno kosweka sikirini, memory yodzadza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, ndipo app ikakana kulowa chifukwa malo atha musati "dikirani ndidilite zina", lembani, limenelo ndi vuto loyamba. Bandulo muwagulire ndinu. Yesani pa Airtel ndi pa TNM pomwe. Komanso tulukani panja, dzuwa la Salima mu Okutobala mukulidziwa, timalemba totuwa tating'onoting'ono timene timaoneka bwino mu ofesi padzuwa timasoweratu.

Musanayambe muwauze momveka: "Amayi, sitikuyesa inu ayi, tikuyesa chinthuchi, chikakuvutani wolakwa ndi ife." Bwerezani kawiri. Anthu athu ndi aulemu kwambiri, munthu akhoza kuvutika mphindi zisanu thukuta kamukamu koma ukamufunsa nkuyankha kuti "ayi ili bwinobwino achimwene". Nde pakamwa musapakhulupirire kwambiri, yang'anani chala. Apempheni aziyankhula zomwe akuganiza pamene akudina, poyamba amachita manyazi koma mukawaonetsa kamodzi pa app ina amazolowera.

Ntchito yowapatsa ikhale ngati kankhani. Mukati "dinani pa Search" mwawauza kale yankho. M'malo mwake nenani kuti "lero Loweruka, muli ndi K5,000 m'thumba, mukufuna kukaonera mpira koma osapita kutali, tapezani." Kwa tcheya wa kwaya, "pulakatisi yasintha, ikhala Lachinayi, adziwitseni anzanu." Kenako khalani chete. Apa nde povuta, mtima umachita kuwawa kuona munthu akulidumpha batani limene munagonera usiku wonse, dzanja limafuna kuloza lokha. Likhaleni pansi dzanjalo. Akafunsa "ndidine pati?" muwabwezere, "inuyo mukuona ngati pati?" basi.

Chomwe muyang'anitsitse ndi mawu oti pafupi. App imawerenga makilomita, munthu amawerenga ndalama ya kabaza. Kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay ndi makilomita cha m'ma 20, kwa mlendo wa galimoto uja ndi pompano, kwa mnyamata wa pa boma ndi ulendo wofunika thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndipo dansi ikatha usiku abwerera bwanji? Ine tsiku lina wakabaza anayang'ana mapu athu nthawi yaitali, kadontho kofiira kali pakati pa malo opanda dzina, nkundifunsa kuti "nde ndi kuseri kwa chigayo kapena?" Ndinasowa choyankha. Kuno sitilondolerana ndi manambala a misewu, timati mukadutsa mjigo mukhote pa mtengo wa mango, nde onani ngati olengeza akusaka poti alembe zimenezo. Ngati akuzikakamiza mu bokosi la dzina la chochitika, akukuuzani kuti bokosi lina likusowa.

China ndi kauthenga kaja ka foni kopempha location. Kamabwera m'Chingerezi ndipo ambiri amangodina kukana osawerenga, ena mwadala poopa kutsatidwa. Akakana, app yanu ikutani? Ngati ikungozungulira nde yafa pomwepo. Onani ngati angathe kusankha okha malo pa mndandanda, Chipoka, Lifuwu, Khombedza, Senga Bay. Nthawinso, 16:00 ena imawaimitsa kaye, "4 koloko madzulo" palibe amafunsa. Polembetsa mukafuna imelo muona nkhope zikugwa, ambiri imelo anawatsegulira ndi amene anawagulitsa foni ndipo pasiwedi saidziwa, nambala ya foni ndi imene aliyense ali nayo pamtima.

Atsikana muwafunse paokha, ndipo wofunsayo akhale mtsikana mnzawo. Funso ndi loti, mungapite kukakumana ndi anthu amene mwawapeza umu? Mumva zambiri: akufuna adziwe wakonza ndani, kukhala anthu angati, ndi masana kapena usiku, komanso ngati anthu osawadziwa akuona pamene iwo ali. Pagulu la anyamata zimenezi sazinena.

Mukhale awiri, wina woyankhula wina wolemba. Lembani zimene zachitika osati maganizo anu: wamaliza kapena wasiya, wasokonekera pati, wanena mawu anji. Kujambula pemphani kaye, ndipo jambulani manja ndi sikirini, nkhope isiyeni, maina lembani munthu 1, munthu 2. Ena amakonda kumalizira ndi mafunso 10 a SUS (System Usability Scale, opereka nambala yoonetsa ngati chinthu nchosavuta kugwiritsa ntchito) amene John Brooke anakonza mu 1986, zili bwino, koma pa anthu asanu nambala yake siikuuzani zambiri. Ine ndimakonda kufunsa kuti "panopa za mpira mumamva bwanji?" Yankho nthawi zambiri ndi gulupu ya WhatsApp, nde ngati batani lotumizira ku WhatsApp sanalione, likwezeni pamwamba.

Madzulo omwewo khalani pansi musanaiwale. Chimene chagwetsa anthu atatu kapena kuposa konzani sabata yomweyo, zodandaula za mtundu wa batani zidikire. Kenako kasakeni anthu ena atsopano, akale aja njira aidziwa kale. Munthu mmodzi asapitirire theka la ola, wakabaza mumulipire ya maulendo amene wataya, ndipo ngati mukupita ku Senga Bay musapangane Lachisanu masana, ambiri amakhala ali ku mzikiti.