Kugulitsa njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito: mtengo wake ndi zoyenera kusamala

Ndalama zomwe munagulira njinga yamoto, ngakhale zomwe mwawononga poikonzetsa, wogula alibe nazo ntchito. Iye amangoiyerekeza ndi zina zomwe zikugulitsidwa nthawi yomweyo. Ndiye yambani ndi kufufuza njinga zosachepera zisanu za mtundu womwewo, za chaka chomwecho, zomwe zayenda makilomita oyandikana ndi a yanu. Mitengo yolembedwa potsatsa ndi yoyambira kunenerera chabe, ndipo njinga yomwe yatha miyezi itatu ikutsatsidwa osagulidwa musatengereko, mwini wake anakweza udyo. Pezani mtengo wapakati, muchotsepo ndalama za chilichonse chomwe wogula akasinthe akangoitenga, kenako muwonjezere pafupifupi 10 peresenti kuti mukhale ndi potsitsira. Mtengo womaliza womwe mungalole muudziwiretu wogula asanafike, chifukwa munthu akagwira ndalama m'manja pamaso panu, mtima umafewa msanga.

Wogula wodziwa njinga amayamba wagwira injini ndi dzanja. Akaipeza yotentha amadziwa kuti mwina mukubisa vuto la kulira movutikira m'mawa, choncho musailize iye asanabwere. Ikalira yozizira amayang'ana ku ekizozi. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, kawirikawiri chifukwa maring'i a pisitoni kapena masili (timalabala totchinga oyilo) a mavalavu atha, ndipo apa mtengo umagwa kwambiri popeza kukonza kwake nkofunika kutsegula injini. Utsi wakuda ukutanthauza kuti petulo wachuluka mopitirira muyezo poyerekeza ndi mpweya. Nthawi zambiri fyuluta ya mpweya yatsekeka kapena kabureta yasokonekera, zomwe makaniko amakonza mosavuta. Batire labwino limawerenga mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo ikamalira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, kawirikawiri vuto si batire koma zida zotchajira.

Tcheni ndi matayala zimaulula mmene njinga yasamalidwira kuposa makilomita, omwe ena amabweza m'mbuyo. Kokani tcheni chakumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi (chitsulo chozungulira cha mano chomwe tcheni imayendapo) ya tayala lakumbuyo: ikanyamuka mpaka theka la dzino kuoneka, yatha. Mano akasongoka nkupindikira mbali imodzi, nawonso atha, ndipo tcheni imasinthidwa pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, apo ayi yatsopanoyo imadyeka msanga. Pa njinga zambiri za pamsewu tcheni imafunika kusewera masentimita awiri kapena atatu, koma tsimikizani m'buku la njinga yanu. M'mbali mwa tayala muli zilembo DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena nthawi yomwe linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu limayamba kuuma ndi kung'aluka ngakhale mizere yake ikuonekabe. Yang'ananinso mashoko akutsogolo. Oyilo akamatsikira pa mipope yake, masili aphulika, ndipo oyiloyo akafika pa mabuleki ndi ngozi.

Zotsika mtengo konzani: oyilo watsopano, pulagi, babu lakupsa, galasi losweka, chogwirira buleki chopindika. Tsukani njinga bwinobwino, koma penti yatsopano pa fulemu musathire, imapangitsa wogula kuganiza kuti mwabisa powotcherera. Zodula, monga injini yotulutsa utsi, nkwabwino kungozinena ndi kutsitsa mtengo, chifukwa ndalama zokonzetsera sizibwera zonse pogulitsa. Zokongoletsa zomwe munawonjezera, ekizozi yaphokoso kapena magetsi amitundumitundu, siziwonjezera kanthu. Ngati zida zake zoyambirira munasunga, zibwezereni.

Nambala ya fulemu, yomwe pa njinga zambiri zamakono ili ndi zilembo ndi manambala 17, imadindidwa pakhosi pomwe pamazungulira chiwongolero, ndipo ya injini ili pa thupi la injiniyo. Zonse zifanane ndi zolembedwa pa zikalata za umwini. Malisiti a sevisi, makiyi onse awiri ndi buku la njinga muziike pamodzi. Ngati ili ndi ngongole, imalizeni kaye.

Zithunzi jambulani masana, mbali zonse, kuphatikizapo mita ya makilomita ndi pomwe panakalika njinga itagwa. Wogula adzapaona basi akabwera.

Njinga zina zimabedwa pa nthawi yomwe wogula akuziyesa. Kumanani pamalo pomwe pali anthu, muli ndi mnzanu. Wofuna kuiyendetsa aonetse laisensi ndipo akusiyireni ndalama zonse m'manja, mutagwirizana kuti akaigwetsa waigula. Foni kapena chitupa sizokwanira kukhala chikole. Akakana, iyendetseni nokha iye atakwera kumbuyo. Ngati akulipira kudzera pafoni kapena ku banki, musakhulupirire uthenga kapena chithunzi chomwe akukuonetsani. Tsegulani akaunti yanu muone kuti ndalama zalowadi, kenako mupereke makiyi.

Lembani kalata zamgwirizano ziwiri zofanana, zokhala ndi tsiku, nthawi, mtengo, makilomita, nambala ya fulemu ndi ya injini, komanso mawu oti njinga yagulitsidwa mmene ilili. Nonse musaine, ndi mboni. Kusintha umwini ku ofesi yolembetsa magalimoto musamusiyire wogula yekha, pitani naye limodzi, chifukwa dzina lanu likatsalira pa zikalata, milandu ya pamsewu ya njingayo izidzafika kwa inu. Mukatero dziwitsani a inshuwaransi kuti njinga si yanunso.