Penti ya dzira: kapangidwe kake monga ankachitira ojambula a ku Florence

Tsiku loyamba limene ndinasakaniza penti ya dzira ndinachulutsa dzira. Chithunzi chinkang'anima ngati ndachipaka mafuta, ine n'kumaona ngati zandiyendera. Patatha milungu itatu, nkhope imene ndinaivutikira masiku anayi inachita ming'alu kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Ndikulemba izi kuti inu musadzere njira yomweyo.

Penti imeneyi ku Italy amaitcha tempera, ndipo ndi imene ojambula ambiri kumeneko ankapaka pa matabwa m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, penti ya mafuta isanafale. Chithunzi cha Primavera cha Sandro Botticelli, chimene chili ku Uffizi, nyumba yoonetsera zithunzi mumzinda wa Florence, ndi cha penti yotereyi. Malangizo ambiri amene timatsatira lero tinawatengera kwa Cennino Cennini, amene cha m'ma 1400 analemba buku lotchedwa Il Libro dell'Arte. Bamboyu anaphunzira ntchito zaka 12 kwa Agnolo Gaddi, mwana wa Taddeo Gaddi, ndipo Taddeo naye anachita kusulidwa ndi katswiri wojambula Giotto. Si za m'maluwa ayi, zimene analemba anazigwira ndi manja ake.

Yambani ndi thabwa, chifukwa penti ya dzira ikauma imati gwa, ndipo pa chinthu chopindikapindika imasweka. Ku Italy ankakonda mtengo wa poplar. Inu thabwa lililonse louma bwino, losapindika, likwanira. Pamwamba pake mufunika kupakapo gesso, chomwe ndi chisakanizo cha guluu wa zikopa za nyama ndi ufa wa choko. Vikani guluu m'madzi usiku wonse, muyezo umodzi wa guluu ku miyezo pafupifupi 10 ya madzi. M'mawa mutenthetse poika kachitini kake m'madzi otentha, koma asawire, poti guluu wowira amatha mphamvu. Pakani thabwa guluu yekhayekha kaye, mbali zonse ziwiri, liume. Kenako thirani choko pang'onopang'ono mu guluu wofundayo mpaka zilemerere ngati mkaka wokhuthala. Musatakase mwamphamvu: thovu lililonse limadzasanduka kabowo pachithunzi. Pakani kasanu ndi kamodzi kapena kasanu n'katatu, ulendo uno chopingasa, ulendo winawo choimirira, ndipo kumbuyo kwa thabwa muzipakako kuti lisakhote. Cennini ankaviika ufa wake, umene unali wa mwala wa gypsum osati choko, m'ndowa mwezi wathunthu, n'kumautakasa tsiku lililonse, ndipo ankafuna kuti thabwa likapalidwa lisalale ngati mnyanga wa njovu. Ine ndimangokwecha ndi sandipepa yosalala mpaka chala chiziterereka. Gesso ya m'mabotolo, ija ya acrylic, isiyeni. Simamwa penti bwino.

Tsopano dzira. Lisweni, choyera chonse chichoke, chikasu mukhale nacho pachikhato. Chigubuduzeni mosamala kuchoka dzanja ili kupita linalo, uku mukupukuta dzanja lopanda kanthulo, mpaka kunja kwake kuume. Chikatero chitsineni pang'ono ndi zala ziwiri ngati mukunyamula kathumba, muchiboole pansi ndi singano, zam'kati zichuchire m'kapu yoyera. Kanembanemba kotsala m'zalako tayani, kakalowa mu penti kamasiya tizidutswa. Onjezerani madzi oyera ochuluka mofanana ndi chikasucho, musakanize. Cennini anafika mpaka posankha nkhuku: ankati chikasu cha mazira a nkhuku za m'tauni n'chotuwirako, choyenera nkhope za achinyamata, pamene cha nkhuku za kumudzi n'chofiirira, choyenera nkhope za okalamba. Ndinayesa zonse ziwiri. Kunena zoona, penti itauma maso anga sanasiyanitse, koma mwina ake anali akuthwa kuposa anga.

Ufa wa utoto upereni kaye ndi madzi okha pa galasi lochindikala mpaka ukhale ngati mankhwala otsukira mano. Dzira limalowa pomaliza, pa kautoto kokwanira ntchito ya tsikulo, utoto ndi dzira zofanana kuchuluka. Apa m'pamene ndinagwera ine, ndiye musadalire maso. Pakani kamzere ka penti pa galasi, kaume, mukapale ndi lezala. Kakamatuka kathunthu n'kupiringizika, penti yanu ili bwino. Kakamanyenyeka ngati fumbi, dzira lachepa. Kakamamata ndi kunyezimira mafuta, lachuluka. Mitundu imasiyana ludzu, ina imamwa dzira lambiri kuposa inzake, choncho yesani mtundu uliwonse paokha. Utoto woyera wa akalewo unali wa mtovu ndipo wofiira wawo wotchedwa vermilion uli ndi mercury, zonsezi ndi poizoni. Gulani woyera wa titanium ndi mitundu ya dothi, ndipo ufa uliwonse musaupume.

Chojambula chanu chilembeni pathabwa ndi khala, mudutsemo ndi inki yosungunula, kenako makalawo muwasese ndi nthenga. Ngati pali nkhope kapena manja, chitani chinthu chimene poyamba chimaoneka ngati misala: pakani khungu lonse utoto wobiriwira wa dothi, umene iwo ankautcha terra verde. Ofiira ndi oyera amabwera pamwamba, mopyapyala, ndipo kubiriwira kwapansiko kumaziziritsa mithunzi kuti khungu lioneke lamoyo. Ku National Gallery ku London kuli chithunzi chosamaliza cha Michelangelo chotchedwa Manchester Madonna, cha m'ma 1497. Angelo awiri a kumanzere anangotsala obiriwira, ndipo chovala chakunja cha Mariya chikadali chakuda, kudikira buluu amene sanapakidwe. Fufuzani chithunzi chimenechi pa intaneti, muchikulitse, muchiyang'ane nthawi yaitali. Chinandiphunzitsa zambiri kuposa zithunzi zomalizidwa.

Buluu ameneyu anali nkhani yaikulu. Ankamupera kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku Badakhshan, m'dziko la Afghanistan, ndipo ankadula moti eni ntchito ankachita kumulemba m'mgwirizano. Mu 1485, pamene Domenico Ghirlandaio ankalandira ntchito yojambula anzeru a kum'mawa akulambira Yesu, ya nyumba yolerera ana amasiye ya Spedale degli Innocenti ku Florence, mgwirizano unanena kuti buluu wake akhale wa mtengo wa maflorin (ndalama zagolide za ku Florence) pafupifupi anayi pa aunsi imodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1820 buluu yemweyu amapangidwa m'mafakitale, ndiye inu pakani mosaumira.

Kapakidwe ndiye kamene kamagwetsa anthu ulesi. Penti ya dzira imauma m'masekondi ochepa, moti simungasakanize mitundu pathabwa monga ankachitira wojambula Jan van Eyck ndi penti yake ya mafuta mumzinda wa Bruges ku Belgium. Mukabwereza burashi pamalo ponyowa mumazula zimene mwangopaka. Chochita n'kukonzeratu mitundu m'timbale. Pa chovala, Cennini ankalangiza timbale titatu: m'kamodzi utoto wakuya wa m'mapindo, m'kena wowala wothira woyera, ndipo kachitatu kosakaniza iwiriyo. Viikani burashi yaing'ono yosongoka, muifinye ndi zala mpaka itsale pang'ono kuuma, ndiye muzilemba timizere tating'ono togundizana, totsata mmene tsaya kapena pindo la nsalu likukhotera. Mzere ukauma, wina pamwamba pake, mopingasako pang'ono. Tsaya limodzi limatha kudya maulendo 20 kapena kuposa. Masana oyamba mudzaona ngati palibe chikuchitika, kenaka mwadzidzidzi khungu limayamba kuwala ngati kuwalako kukuchokera pansi, ndipo n'zoonadi, ndi gesso yoyera ija ikubweza kuwala kudzera m'mitundu yopyapyala. Mukaunjika penti yokhuthala kuti mufulumire, kuwalako kumafa, ming'alu n'kutsatira.

Dzira lotsala musaligoneke kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, mphuno idzakuuzani yokha. Maburashi tsukani msanga ndi sopo, dzira likaumiramo ndiye kuti mwataya burashi.

Chithunzi chimauma kukhudza tsiku lomwelo, koma kuti chikhwime zimatenga miyezi yambiri, ndipo nthawi yonseyi chimakandika ngakhale ndi chikhadabo. Chisungeni pouma, podutsa mpweya, potalikira mphemvu, chifukwa kwa izo mwangoziphikira dzira. Changa chachiwiri zinachidya pakhosi usiku umodzi wokha. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, tengani kansalu kofewa kouma, muchipukute pang'onopang'ono mozungulira mpaka chiyambe kung'anima mofatsa ngati chigoba cha dzira.