AC yanu sikupuma kuno ku Tete? Musathamangire kuthiritsa gasi

Abale anga amene mwangofika kuno ku Tete, makamaka inu amene mwalowa nyumba za AC yaikulu ija yoziziritsa nyumba yonse, yoti makina ndi amodzi koma mphepo imatulukira mu siling'i chipinda chilichonse, nkhaniyi ndi yanu. October akangofika foni yanga sikhala chete, wina AC sikuzima usana ndi usiku, wina mayunitsi a magetsi a Credelec akutha masiku atatu okha, ndipo onse funso lawo ndi limodzi, kodi achimwene mukudziwako munthu wothira gasi wa mu AC? Ine ndimati dikirani kaye, gasi ndi chinthu chomaliza kuganizira.

Choyamba tivomereze kuti kuno si ku Dedza kapena ku Ulongue. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, amene munakhalako ku Nsanje kapena ku Chikwawa mukudziwa chomwe ndikunena, October ndi November masana kufika madigiri 40 sizachilendo. Ndiye ngati 2 koloko masana makina akulira osapuma koma m'nyumba mukuzizira bwinobwino, palibe chawonongeka, akulimbana ndi dzuwa basi. Ngati yanu ndi ya inverter ndiyenso anaipanga dala kuti isamazimezime, imangotsitsa liwiro nkumapitirira pang'onopang'ono. Nthawi yoiyesa bwino ndi m'bandakucha cha m'ma 4 kapena 5 kunja kutazizirako. Ikakhala kuti si ya inverter ndipo nthawi imeneyonso sikupuma, apo ndiye pali vuto.

Yambani ndi kabokosi ka pakhoma koikira madigiri kaja, thermostat. Ambirife timaika pa 16 poganiza kuti kuzizira msanga, ayi ndithu, ngati si ya inverter mphepo imatuluka yozizira chimodzimodzi, kungoti nyumba ya malata ku Tete singafike pa 16 ndiye makina alibe nthawi yoti apume. Ikani pa 24 kapena 25. Onaninso fani, ikhale pa AUTO osati ON, chifukwa pa ON imangozungulira ngakhale kompresa, injini yopopa gasi ija, itaima, inu nkumamva phokoso nkumati AC sikuzima. Ndipo ngati kabokosiko kakuwombedwa ndi dzuwa la pawindo kapena kali pafupi ndi khitchini, kamaona ngati nyumba yonse ndi yotentha choncho.

Tsopano fumbi. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa nyumba zambiri zomwe ndalowamo vuto limakhala lomweli. Fumbi la kuno chilimwe si lamasewera, malole a pa msewu wa ku Zobue usana ndi usiku, kwa inu a ku Moatize kuwonjezanso la malasha lakuda lija, lonselo limathera mu AC. Pezani pamene makina amakokera mphepo, pamakhala kachitseko ka timipata kakakulu kuposa tinzake, kuseri kwake kuli filuta. Itulutseni muiyang'anitse ku dzuwa, ngati kuwala sikudutsa ndiye kuti mpheponso sikudutsa. Ya pulasitiki tsukani ndi madzi, iume kaye musanaibwezere, ya pepala sitsukidwa imafunika ina. Ine nyengo ino ndimatsuka pakatha masabata awiri aliwonse.

Makina a panja aja nawonso, ntchito yawo ndi kutaya kutentha kwa m'nyumba, ndiye timapepala tazitsulo ta m'mbalimo tikadzaza fumbi ndi masamba kutenthako kumasowa kolowera. Zimitsani magetsi pa breaker kaye, chonde, kenaka thirani madzi a payipi mofatsa. Osatengera makina otsukira galimoto aja, amapinda timapepalato ndipo mukhala mwaonjeza vuto. Ndaonanso anthu akuwatsekera mu kheji ya malata poopa akuba, ena kuyanikapo zovala pamwamba, mantha a akuba ndi omveka koma kheji ikhale ya zitsulo zotalikirana kuti mphepo izidutsa mbali zonse.

Mukatero yatsani, idutse mphindi 15, mutenge thermometer muyeze mphepo yolowa pa filuta ndi yotuluka mu siling'i. Zikasiyana ndi madigiri 8 mpaka 11 makina akuzizitsa bwino. Gwiraninso paipi yaikulu yokutidwa ndi chakuda ija panja, izikhala yozizira nkumachita thukuta. Mukapeza yaundana ayisi zimitsani kuzizitsa musiye fani yokha kwa maola angapo asungunuke, ayisi amabwera mphepo ikamasowa podutsa kapena gasi akachepa.

Zothiritsa gasi pachabe ine zinandichitikira nditangolowa nyumba ya ku Matundo. Munthu wina anandithirira gasi kawiri mwezi umodzi, meticais ambiri ndithu, AC osasintha, ana kumagona pa simenti usiku chifukwa cha kutentha. Anadzabwera mmisiri wina wachikulire, iye sanatulutse nkomwe botolo la gasi, anapempha makwerero nkulowa mu siling'i. Anapeza chipaipi chonyamula mphepo chitavuka polumikizira, kwina makoswe ataboola, mphepo yozizira yonse imathera pansi pa malata. Anamanga bwino ndi tepi ya aluminiyamu, usiku womwewo makina anayamba kupuma. Mukaona chipinda china chikuzizira china mphepo ikungotuluka mofooka, ganizani za mu siling'imo, koma mukakwere m'mawa kwambiri, masana m'menemo munthu atha kukomoka.

Za gasi dziwani ichi, satha ngati petulo kapena gasi wophikira, amangozungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, nthawi zambiri pamaoneka timafuta polumikizira mapaipi. Kuno mmisiri wake amati técnico de frio, kubooka amati fuga, mawu awiriwa asungeni. Muuzeni apeze kaye fuga aitseke kenaka athire, ndipo muwerenge naye chikwangwani cha pa makina a panja, palembedwa R22, R410A kapena R32, athire yemweyo osasakaniza.

Chinanso choopsa, mwaika thermostat pa OFF koma makina a panja akungolirabe. Kawirikawiri imeneyo ndi contactor, switchi yoyatsa ndi kuzimitsa makina a panjawo, yomwe yakakamira, zimitsani pa breaker pompo muitane mmisiri. Bokosi la mawaya lija musalitsegule nokha, muli capacitor yomwe imasunga moto ngakhale magetsi atazima.

Zonsezi zikakhala bwino koma masana nyumba sikuzizirabe, mwina makinawo ndi aang'ono pa nyumbayo. Tsekani makatani a mbali yolowera dzuwa kuyambira 12 koloko, pansi pa zitseko muikepo nsalu, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi kapena ya kampani awuzeni eni ake polemba uthenga wokhala ndi zithunzi za filuta, mapaipi ndi madigiri omwe munayeza, musanalipire chilichonse m'thumba mwanu.